Momwe mungasokere quilt yanu yoyamba osaiwala kuti m'nyumbamo muli munthu wina

Usiku wina ndili kalikiliki pa makina, amuna anga anaima pakhomo n'kufunsa kuti, "Kodi mayi, inu munakwatiwa ndi ine kapena ndi makinawo?" Anaseka, inenso ndinaseka, koma tonse tinkadziwa kuti m'nthabwalamo munali mawu. Inali sabata yachitatu ndikungoti tikamaliza kudya, ine nyamu, ulendo ku zigamba zanga. Ndiye pofotokoza kasokedwe ka quilt pano, nkhani ya bambowa izilowamo ndithu, chifukwa quilt yanga yoyamba inaonongeka pa chifukwa chomwecho.

Kwa amene simunaionepo, quilt ndi chofunda cha zigawo zitatu. Pamwamba pamakhala tizigamba tolumikizalumikiza, pakati pamakhala thonje loyala lija amati batting, pansi nsalu yoyala yopanda zambiri. Kenako mumasoka msoko wodutsa zigawo zonse zitatu kuti zigwirane. Musaope kuti pamafunika nsalu zapamwamba. Amayi a ku Gee's Bend, mudzi wa ku Alabama m'dziko la America, ankasokera mathalauza akutha ogwirira ntchito kumunda, ndipo mu 2002 zofunda zawo zinakapachikidwa ku Museum of Fine Arts ku Houston, kenako ku Whitney Museum ku New York, anthu n'kumaziyang'ana kukamwa kuli yasa.

Tisoka quilt ya mabokosi okhaokha, yokwana kufunda munthu mmodzi pa sofa. Mudula zigamba 168, chilichonse mainchesi 5 mbali zonse, ndipo muziyala 12 chopingasa, mizere 14 chotsika. Ikatha idzakhala mainchesi 54 m'lifupi ndi 63 m'litali, kapena kuti pafupifupi masentimita 137 ndi 160. Ndikugwiritsa ntchito mainchesi chifukwa marula ambiri a ntchitoyi amabwera olembedwa choncho.

Choyamba: nsalu

Sankhani ya thonje lenileni, yosatamuka. Apa chenjerani, chifukwa ogulitsa ena amalumbira kuti ndi thonje lokhalokha pomwe muli poliyesita yambiri. Mukakayika, dulani kachidutswa kakang'ono mukaotche panja. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa ndipo limasiya phulusa lofewa. Poliyesita imasungunuka n'kusiya kampira kolimba kakuda. Ine ndinagulapo yofiira kwa munthu wina wa pa intaneti, pa chithunzi yokongola kwabasi, itafika inali yopyapyala moti ndinkaona zala zanga kuseri kwake. Nditadandaula anasiya kuyankha mauthenga.

Chapani nsalu zonse musanadule, yofiira ndi yabuluu wakuda pazokha. Thonje limabwerera likachapidwa koyamba, ndipo mitundu yakuda imachucha. Ena amadumpha gawo ili, akuti nsalu yosachapa imaduka bwino poti ndi yolimba. N'zoona, koma ngati mukusakaniza nsalu zatsopano ndi zamalaya akale, musayerekeze, chifukwa zina zidzabwerera zina ayi. Sitani zikadali ndi kachinyontho.

Chachiwiri: kudula

Sizasi imatha ntchito, koma zigamba 168 ndi sizasi mudzamva dzanja. Pali kampeni kozungulira ngati gudumu, rotary cutter, kamene kampani ya Olfa ya ku Japan inatulutsa mu 1979. Kamafuna rula yokhuthala yoonekera mkati ndi mphasa yake yodulirapo. Zitatuzi pamodzi zimaluma m'thumba, koma mumagula kamodzi. Mipeni yosinthira yotchipa yopanda dzina ija isiyeni, imabuntha musanamalize n'komwe nsalu yachiwiri. Pindani nsalu, dulani mizere ya mainchesi 5, kenako mzere uliwonse muudule mabokosi. Kampeniko muzikakankhira kutsogolo, osati kwa inu, ndipo muzikatseka mukangokaika pansi.

Kudula si ntchito yochita uku mukumvetsera munthu. Tsiku lina bambo akunyumba ankandifotokozera zomwe zinawavuta kuntchito, ine n'kumangoti "eee, eee" maso ali pa rula. Zotsatira zake, zigamba 20 ndinazidula mainchesi 4 ndi theka, komanso atandifunsa maganizo anga ndinalibe choyankha. Ndinaluza mbali zonse ziwiri. Masiku ano akayamba nkhani ndimatseka kampeni, kapena ndimanena poyera kuti, "Bambo, mundipatse theka la ola ndimalize apa, ndikumvetserani bwino." Ndipo theka la ola likhale theka la ola. Chimene chimapsetsa mtima mnzako ndi "ndatsala pang'ono" wa maola awiri uja.

Chachitatu: kulumikiza

Yalani zigamba zonse pansi mmene mukufunira kuti zioneke, mujambule ndi foni kuti musaiwale. Apa ndi pabwino kumuitana mnzanuyo. Koma mukafunsa maganizo, khalani okonzeka kuwalandira. Anga anasankha kuti m'mphepete mukhale zotuwa, ine ndisakuzifuna, ndinangozisiya choncho, ndipo mpaka lero mlendo akaiyamikira amafulumira kunena kuti m'mphepetemo ndi nzeru zawo.

Msoko wa quilt ndi kota ya inchi, pafupifupi mamilimita 6, ndipo usasinthe kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Zimaoneka ngati kukokomeza, koma tawerengani. Msoko ukakula ndi milimita imodzi yokha, mwadya mamilimita awiri, imodzi ku chigamba chilichonse. Mzere wa zigamba 12 uli ndi misoko 11, ndiye wafupika ndi mamilimita 22, ndipo ngodya zake sizingakumane ndi za mzere wotsatira. Matani tepi pa makina pamene pakuthera kota ya inchi kuti mphepete ya nsalu iziyenda motsatira tepiyo. Sokani ziwiriziwiri motsatizana osadula ulusi pakati, zizituluka kuseri ngati mkanda, mudzadule pamapeto. Zimapulumutsa ulusi ndi nthawi.

Posita, misoko ya mzere woyamba igonekeni kumanja, ya wachiwiri kumanzere, choncho mpaka pansi. Mukamalumikiza mizere, misokoyo imakolana yokha, mumaimva ndi chala. Simbi muziitsitsa ndi kuinyamula, osaikwekweza, kuopa kutamula nsalu.

Chachinayi: kugwirizanitsa zigawo zitatu, pamene ine ndinagwera

Gawo ili limafuna malo aakulu, athyathyathya komanso olimba, ndipo m'nyumba zambiri malo otero ndi pansi pabalaza mutasuntha mipando. Ine, pokumbukira funso la makina lija, ndinachita manyazi kulanda balaza lonse. Ndinaganiza zochita mwakachetechete, mwamsangamsanga, kuti asaone kuti ntchitoyi ikudyanso malo. Ndinayala zonse pa bedi la m'chipinda cha alendo usiku iwo atagona, ndinasalaza ndi manja, ndinabaya masefetipini 40 omwe ndinali nawo, n'kudziuza kuti zatheka.

Bedi ndi lofewa. Ukatsamira apa, nsalu yapansi imakhwinyata apo, ndipo sungaone chifukwa yabisika. Mawa lake ndinayamba kusoka kuchokera m'mphepete kulowera pakati, kumwamba kukuoneka bwinobwino. Nditasoka mizere 9 ndinaitembenuza. Mayo ine. Kumbuyo kunali mapindo okhaokha, ena aatali ngati chala, atasokereredwa zolimba, ndipo pakati penipeni nsalu inali itatukumuka ngati thumba poti inalibe kolowera. Ndinakhala pansi n'kulira, osanama. Kumasula misokoyo kunanditengera madzulo anayi, ndipo m'malo awiri ndinaboola nsalu ndi kachitsulo komasulira. Ndiye taonani, pofuna kuwabisira tsiku limodzi, ndinawalanda masiku anayi, n'kukhalanso munthu wolusa m'nyumba sabata yonse.

Anandipeza ndikutolera timaulusi pa siketi, nawafotokozera. Anangoti, "Nanga bwanji osanena? Mipando ndikanasuntha ine." Loweruka lotsatira tinachitira limodzi, ndipo kachitidwe kake ndi aka.

Nsalu yapansi ndi batting zikhale zazikulu kuposa yapamwamba ndi mainchesi 4 mbali iliyonse, ndiye kuti 62 ndi 71. Nsalu zambiri za thonje zimakhala mainchesi 42 mpaka 44 m'lifupi, choncho yapansiyo mulumikiza ziwiri. Isiteni bwino, iyaleni pansi nkhope yake itayang'ana pansi, ndipo muimate ndi tepi yapepala m'mphepete monse. Yambani pakati pa mbali imodzi, mnzanu akhale mbali inayo, muzikoka pang'ono mpaka makwinya atha. Ikhale yosalala, osati yokungika ngati ng'oma, chifukwa mukaikoka kwambiri idzabwerera mukachotsa tepi, n'kukhwinyatitsa yapamwamba. Apa m'pamene anthu awiri amaposa mmodzi. Wekha umati ukawongola uku, uko kwasokonekera, n'kumangozungulira chokwawa.

Pamwamba pake yalani batting. Ngati yangochoka m'paketi, itambasuleni dzulo lake kuti mapindo agone. Ndinenepo apa kuti pali ena amagulitsa thonje la m'mipando kapena la m'mapilo n'kumati ndi batting. Limenelo limabwera m'mibulu, ndipo likachapidwa limaunjikana pakona. Batting yeniyeni ndi yoyala ngati bulangete, ndipo pa paketi pamalembedwa kutalikirana kwa misoko komwe imalola. Werengani nambala imeneyo musanataye pepala.

Kenako yalani yapamwamba nkhope itayang'ana kumwamba, muzisalaza ndi zikhatho kuchokera pakati kupita kunja. Mapini ayambirenso pakati, motalikirana ngati chikhatho chimodzi, pafupifupi mainchesi 4. Pa quilt ya saizi iyi ndi mapini oyandikira 200, osati 40 anga aja. Opindika pang'ono aja ndiwo abwino chifukwa amalowa n'kutuluka okha osanyamula nsalu. Bayani m'kati mwa bokosi, kutali ndi pamene mudzadutse msoko. Musatseke ngakhale imodzi mpaka onse atalowa, chifukwa kutseka kumakoka nsalu. Potseka gwiritsani ntchito kasupuni kakang'ono, kukweza nsonga ya pini n'kuikanikiza, apo ayi zala zidzatupa. Ntchito yotsekayi anaitenga bambo, ndipo anaigwira mwaluso kuposa ine. Tinatha maola awiri titagwada, tikukamba nkhani zomwe tinali tisanakambe mwezi wonse, mawondo akuwawa. Mukamaliza chotsani tepi, tembenuzani, muyendetse dzanja kumbuyo konse musanayandikire makina. Pakakhala pindo, konzani pompo.

Sindikunena kuti mnzanu azikonda zosoka. Anga mpaka pano sasiyanitsa batting ndi bulangete, ndipo sindiwakakamiza. Chomwe ankadana nacho ndi chitseko chotseka komanso kusadziwa kuti zitha liti. Tinagwirizana kuti makina azilira madzulo awiri pa sabata ndi Loweruka m'mawa, nthawi yomwe iwonso amakhala ndi zawo. Masiku enawo ndimagwira ntchito zamanja zokha, zomwe ndingachite titakhala limodzi. Ndinagulanso kamaginito kotolera mapini, atapondapo imodzi ndi phazi lopanda nsapato. Za tsiku limenelo tisakambe.

Chachisanu: kusoka zigawo zonse

Ngati mungathe, pezani walking foot yokwana makina anu, yomwe ndi kaphazi kapadera kopondereza nsalu posoka. Imakoka nsalu yapamwamba mofanana ndi yapansi kuti zisatsetserekane. Talikitsani mpata wa pakati pa pobaya singano ufike mamilimita 3, ikani singano yatsopano. Yambani ndi mzere wapakati, muzipita kunja, mbali imodzi kenako inayo. Chophweka ndi kusoka motsatira misoko yolumikizira ija, kapena kudutsa mabokosi chopingasa kuchokera ngodya kufika ngodya. Kulungani mbali yolowa m'khosi mwa makina, ndipo ikani tebulo kumanzere kuti kulemera kwa quilt kusakoke singano. Mapini muzichotsa mukawayandikira. Musakankhe, makina akoke okha.

Chachisanu ndi chimodzi: mpendero

Dulani zotsalira m'mphepete kuti ngodya ziongoke. Dulani mizere 7 ya mainchesi 2 ndi theka m'lifupi, modutsa nsalu yonse chopingasa, ilumikizeni ikhale chingwe chimodzi, pindani pakati m'litali, sitani. Sokererani kumaso ndi makina pa kota ya inchi, pa ngodya pindani mokweza kenako motsitsa kuti pakhale kakona kaudongo. Tembenuzirani kumbuyo n'kumaliza ndi singano yamanja. Ena amamaliza ndi makina, n'zachangu, koma ine gawo ili ndimalisungira pa sofa, quilt itafunda miyendo ya tonse awiri, iwo akuonera mpira, ine ndikusoka. Mainchesi 234 ozungulira amanditengera madzulo atatu. Chapani ndi madzi ozizira, yanikani pamthunzi, ndipo ikakhwinyata pang'ono musadandaule, ndi mmene thonje limachitira.

Yoyamba ija ilipobe, ndi zigamba ziwiri zomata kumbuyo pamene ndinaboola. Bambo anailanda, akuti ndi yawo poti anatseka mapini.