Mmene mungawerengere maola a ndege pakati pa mizinda iwiri yotalikirana

Chinthu choyamba, osangotenga nthawi yofika pa tikiti n'kuchotsapo yonyamuka, mupusitsika. Nthawi ziwirizo iliyonse imakhala ya mzinda wake. Mukanyamuka ku London 10 koloko mmawa mufika ku New York cha m'ma 1 koloko masana, zikuoneka ngati maola 3 koma mwakhala pampando maola pafupifupi 8, kungoti New York ili mmbuyo ndi maola 5.

Ndiye masamu ake ndi awa. Pezani mtunda wa mizinda iwiriyo mu makilomita, koma osayeza pa mapu a flat chifukwa dziko ndi lozungulira, ngati muli ndi globe, mapu ozungulira ngati mpira aja, ingotengani ulusi mukoke kuchoka mzinda uwu kufika winawo, muona kuti njira yachidule ya London ndi New York ikupindikira kumpoto kudutsa mbali ya Canada. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 5,570. Gawani ndi 850, limenelo ndi liwiro la ndege zazikuluzi pa ola ikakhala kuti yakhazikika mmwamba, mupeza maola 6 ndi theka. Onjezanipo mphindi 30 kapena 45 za kuyenda pansi kudikira runway (msewu wonyamukirapo ndege), kukwera komanso kutsika.

Apa ndi pomwe mphepo imalowerera. Kumwambako kuli chimphepo chotchedwa jet stream chomwe chimawomba kuchoka kumadzulo kupita kummawa, ndiye kuchoka New York kupita London ndege imakankhidwa kuchokera kumbuyo, imatha kufika mu maola 7 kapena osakwana, pobwerera ikulimbana nacho chimphepocho mpaka 8. Njira yomweyo, ndege yomweyo. Koma ulendo wa kumpoto ndi kummwera ngati London ndi Johannesburg, makilomita pafupifupi 9,000, kupita ndi kubwera zimangofanana, maola 11 penapake.

Masamuwa amalephera njira ikatsekedwa. Kuyambira 2022 ndege zambiri za ku Europe sizidutsanso mumlengalenga mwa Russia, moti London kupita Tokyo yomwe inali maola 12 osakwana pano ikumafika cha m'ma 14 chifukwa cholambalala.

Ngati mukusintha ndege panjira werengani chigawo chilichonse pachokha kenako muphatikize maola odikira pa eyapoti, ndipo kunena zoona amenewo ndi omwe amatopetsa kuposa kuuluka kwenikweniko, tikiti yotchipa ija nthawi zina imabisa maola 9 ogona pa benchi.

Komanso yang'anitsitsani ka +1 kapena +2 kamene kamalembedwa pafupi ndi nthawi yofika, kosonyeza kuti mufika patapita tsiku limodzi kapena awiri. Kuchoka Los Angeles Lolemba usiku mumakafika ku Sydney Lachitatu mmawa chonsecho mwauluka maola 15 okha, Lachiwiri lamezedwa podutsa International Date Line, mzere wa pa mapu pomwe tsiku limasinthira. Wokuchingamirani muuzeni tsiku lenilenilo, asakuyembekezeni Lachiwiri.