Kasamalidwe ka ma'o hau hele, duwa lachikasu la ku Hawaii

Ma'o hau hele, dzina lake la sayansi Hibiscus brackenridgei, ndi kachitsamba ka maluwa achikasu akuluakulu, anakasankha kukhala duwa la boma la Hawaii, zilumba za dziko la America, mu 1988 koma kuthengo katsala pang'ono kutheratu, ndiye njere zake muzipeze ku nazale yovomerezeka, zokazula kuthengo ayi chonde.

Njerezo ndi zolimba khungu, zipaleni pang'ono ndi sandipepa kenako muziviike m'madzi ofunda usiku umodzi musanafese.

Nkhani yaikulu ndi madzi. Kwawo kamamera malo ouma ndiye dothi likhale losasunga madzi, sakanizani mchenga kapena timiyala, poto wodzalamo akhale wobooka pansi. Musanathirire pisani chala m'dothi, ngati chinyontho chikadalipo dikirani kaye, chifukwa kuthirira tsiku ndi tsiku ndi komwe kumakapha, mizu imaola masamba n'kuyamba kuyoyoka inu n'kumaganiza kuti ndi ludzu n'kuwonjezeranso madzi ena. Dzuwa kamalifuna kwambiri, feteleza pang'ono chabe.

Maluwa akatha dulirani nsonga kuti kaphukire nthambi zambiri, komanso muzisuzumira kunsi kwa masamba, tizilombo toyera ngati thonje timabisala kumeneko, titsukeni ndi madzi a sopo.