Kukonza birthday ya mnzanu kunyanja muli ku sukulu kunja

Mwafunsa kuti mungaikonze bwanji pa lesitilanti ya m'mbali mwa nyanja.

Choyamba tsegulani gulupu ya WhatsApp mwini tsikuyo asakhalemo, mugwirizane zosonkha, ana a sukulu ndalama zimavuta ndiye osakakamizana.

Kenako imbani foni mubukitse tebulo msanga, nenani kuti mukufuna lapanja loyang'ana kunyanja, funsaninso ngati amalola keke yobwera nayo coz malo ena amalipiritsa, komanso ngati bilu angakugawireni aliyense yake.

Fikani dzuwa lisanalowe. Majuzi osaiwala, mphepo ya kunyanja usiku imazizira ndipo makandulo imazimitsa.

Podula keke imbirani makolo ake pa video call, koma onani kaye kuti kwawoko ili nthawi yanji. Tsiku ngati limeneli munthu amapukwa kwambiri.