Kubzala Nkhaka za Haibulidi Kuseri kwa Nyumba

Mwafunsa kuti nkhaka za haibulidi, zija zolembedwa F1 papaketi, mungazibzale bwanji pakhomo. Yambani kukafunda, chakumapeto kwa Ogasiti kapena mu Seputembala, pamalo pofika dzuwa tsiku lonse. Gaulani bedi, musakanize dothi ndi manyowa owolerana bwino, chifukwa ndowe zaziwisi zimawotcha mizu. Bzalani njere imodzi paphando lakuya masentimita 2, mapando atalikirane masentimita 40. Pakatha sabata zimakhala zitamera.

Zikayamba kuyanga, zikani nsungwi n'kumangapo zingwe kuti zikwere. Apa pokha musachite ulesi, chonde. Nkhaka yogona padothi lonyowa imayera mbali imodzi, kenako n'kuyamba kuwola, pomwe yolendewera imakula yowongoka bwino.

Thirirani m'mawa, patsinde osati pamasamba, kuopa matenda aja oyeretsa masamba ngati mwawaza ufa. Mukamadumphitsa masiku, nkhaka zimawawa. Phimbirani bedi ndi udzu wouma.

Pakatha pafupifupi miyezi iwiri, yambani kuthyola masiku awiri alionse zikadali zobiriwira. Mukazilekerera mpaka kuchita chikasu, chomeracho chimachepetsa kubereka. Njere zake musasunge, sizibereka mofanana ndi mbewu munagulayo.