Udzu wa m'botolo ukukana kutulutsa mphukira? Onani kaye 2,4-D

Choyamba musataye nthawi ndi tsamba lokhwima, pa tissue culture (kumeretsa chomera m'botolo kuchokera ku kachidutswa kake) udzu ndi wamakani ngati abale ake mpunga ndi chimanga, mudikira mwezi wonse osaona kanthu. Tengani kamluza ka m'njere yosakhwima, kapena timaluwa tanthete tisanatuluke m'phesi.

Mediamu yake, kapena kuti chakudya cha chomera m'botolomo, ndi MS, ija ya Murashige ndi Skoog ya 1962, shuga magalamu 30 pa lita, pH 5.8. Ndiye mumathiramo 2,4-D, kuyambira mamiligalamu 2 pa lita, n'kuika mumdima pa madigiri 25 a Celsius. Eee, ndi 2,4-D yemweyo wophera zomera za masamba otambalala m'munda, kungoti kuno akugwira ntchito ngati homoni ya zomera yotchedwa auxin, amachititsa maselo kugawikana mpaka kupanga kachibuluma kotchedwa callus.

Pakatha milungu itatu kapena inayi yang'anitsitsani bwino. Callus wabwino amakhala wolimba, woyera kapena wachikasu pang'ono, wa timibulu timibulu. Wina uja wofewa wamadzimadzi ingotayani, angokudyerani mediamu basi.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amaphonya. 2,4-D amayambitsa callus koma yemweyonso amatsekereza mphukira, ndiye ngati mukungosamutsa callus pa mediamu yomweyo mwezi ndi mwezi muzingoona akunenepa koma chobiriwira ayi, ndipo akakhalitsa kwambiri mphamvu yophukira imatha, timphukira tina timadzatuluka toyera mbee topanda chlorophyll yobiriwiritsa masamba, timene sitikhala moyo kunja kwa botolo. Muchotseni 2,4-D, kapena musiyeko pang'ono zedi, muikemo homoni ina yotchedwa cytokinin monga BAP kapena kinetin, mamiligalamu 0.5 mpaka 2 pa lita, n'kuika pa kuwala maola 16 pa tsiku. Skoog ndi Miller anaonetsa mu 1957 pa fodya kuti cytokinin akachuluka kuposa auxin pamatuluka mphukira, auxin akachuluka mizu. Pa udzu ine ndimati kuchotsa 2,4-D ndiye nkhani yaikulu, mitundu ina imaphukira ngakhale musanathire BAP n'komwe.

Osachita dyera ndi BAP. Mukachulutsa mupeza timphukira tambirimbiri tothinana, tatifupi, nthawi zina tonyezimira ngati tanyowa, ndipo mizu imavuta. Mtundu uliwonse wa udzu uli ndi khalidwe lake, bola kuyesa milingo itatu m'mabotolo osiyana, kulemba deti pa lililonse.

Mphukira zikafika masentimita atatu kapena anayi zisamutsireni pa MS ya theka la mphamvu yake yopanda mahomoni, mizu imabwera yokha. Ikachedwa thirani auxin monga IBA kapena NAA pang'ono pokha.