Kalondolondo wa mbiri ya malamulo ochotsa mimba m'maiko omwe kale anali achikomyunizimu

Ngati muli pa yunivesite ya Wits ku Braamfontein kapena ya Johannesburg (UJ) ku Auckland Park ndipo mwapatsidwa ntchito yoyerekeza lamulo la South Africa la 1996 lochotsa mimba ndi malamulo a kum'mawa kwa Ulaya, pali mbuna imodzi yomwe ambiri amagweramo. Amalemba kuti chikomyunizimu chinkalola kuchotsa mimba, chitangotha maboma atsopano n'kuletsa. Zimenezi zinachitikadi ku Poland, koma ku Romania zinayenda chobwerera. Chomwe chinkatembenuza malamulowa nthawi zambiri ndi kuwerengera kwa boma: likafuna antchito ndi asilikali ambiri limatseka chitseko, likaona amayi akufera m'manja mwa ochotsa mobisa limatsegulanso.

Yambani ndi tebulo, musanalembe chiganizo ngakhale chimodzi. Dziko lililonse likhale ndi tsamba lakelake, logawidwa pasanu: chaka, dzina kapena nambala ya lamulo, malire a masabata a mimba, wopereka chilolezo, ndi chifukwa chomwe boma linanena. Maiko anayi ndi okwanira. Mukatenga khumi mudzangolemba mndandanda wa zaka wopanda mutu.

Tsamba loyamba likhale la Soviet Union, chifukwa enawo ankayang'ana ku Moscow. Zaka zofunika kulemba ndi zitatu. Mu Novembala 1920 boma la Lenin linalola kuchotsa mimba, malinga wochotsayo ndi dokotala ndipo achitire m'chipatala. Pa 27 Juni 1936 boma la Stalin linaletsa, kupatula ngati moyo kapena thanzi la mayi lili pachiswe, kapena pali matenda aakulu akumtundu. Lamulo lomwelo linakhwimitsa kasudzulidwe ndi kuwonjezera thandizo kwa amayi a ana ambiri, choncho muliwerenge lonse, chifukwa cholinga chake chimaonekera m'ndime zinazo. Mu Novembala 1955, Stalin atamwalira kale mu 1953, analolanso. Kenaka onani momwe ena anatsatira: Poland, Hungary ndi Bulgaria mu 1956, Czechoslovakia ndi Romania mu 1957. East Germany inachedwa mpaka Marichi 1972, ndipo pa voti imeneyo aphungu 14 anakana, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo m'Nyumba ya Malamulo ya kumeneko. Albania ya mtsogoleri Enver Hoxha sinatsatire n'komwe. Lamulo lake lolola mpaka masabata 12 ndi la 1995.

Gawo la "wopereka chilolezo" musalidumphe. Ku Czechoslovakia mayi ankayenera kukaima pamaso pa komiti n'kufotokoza za m'banja mwake, ndipo makomitiwo anathetsedwa ndi lamulo la 1986. Papepala mudzaona mawu oti "n'kololedwa" m'maiko awiri, koma mayi wokangolembetsa kuchipatala ndi mayi wokazengedwa ngati wapalamula sali pa ufulu wofanana.

Pa Romania khalanipo nthawi. Mu Okutobala 1966 mtsogoleri wa dzikolo Nicolae Ceaușescu anatulutsa Decree 770, lamulo loletsa kuchotsa mimba. Ololedwa anali ochepa: mayi wopitirira zaka 45, wobereka kale ana anayi omwe akuwalera, wogwiriridwa, kapena yemwe moyo wake uli pangozi. Malirewa anasinthasintha, zaka n'kutsika kufika 40 kenaka n'kukweranso, ndipo mu 1985 chiwerengero cha ana chinakwera kufika pa asanu, ndiye lembani chaka pambali pa malire alionse. Mu 1967 ana obadwa anachuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi chaka chapitacho. M'makalasi munadzaza pamene anawo anafika poyamba sukulu. Wophunzira waphuma amaimira pomwepa n'kulemba kuti lamulo linagwira ntchito. Pitirirani zaka zotsatira: chiwerengero cha obadwa chinayamba kutsikanso, pamene imfa za amayi zinakwera mpaka kuposa dziko lina lililonse ku Ulaya. Ofufuza ambiri amati amayi pafupifupi 10,000 anafa chifukwa chochotsa mimba mobisa m'zaka 23 zimenezo. Amayi ankayezedwa ndi madokotala kumalo antchito, m'mafakitale momwemo, kuti boma lidziwe yemwe ali ndi pakati. Ceaușescu anaphedwa pa 25 Disembala 1989, ndipo lamulolo linafafanizidwa mawa lake.

Poland ndi nkhani ya tchalitchi cha Katolika ndi khoti. Lamulo la Januwale 1993 linasiya zifukwa zitatu zokha: moyo kapena thanzi la mayi, mimba yobwera chifukwa cha mlandu monga kugwiriridwa, ndi chilema chachikulu cha mwana wosabadwayo. Aphungu anafewetsa lamuloli mu 1996, khoti loona za malamulo oyendetsera dziko n'kubweza mu 1997. Khoti lomwelo linachotsa chifukwa chachitatu pa 22 Okutobala 2020, koma chigamulocho chinayamba kugwira ntchito chitasindikizidwa pa 27 Januwale 2021. Lembani masiku onse awiri. Ambiri amataya malikisi posakaniza tsiku logamula ndi tsiku loyamba kugwira ntchito.

Russia ya lero siinaletse, koma yakhala ikupanikiza pang'onopang'ono. Mpaka masabata 12 mayi amasankha yekha. Zifukwa za umoyo wa pakhomo zololera kupitirira apo zinali 13 mu 1996, zinatsika kufika zinayi mu 2003, ndipo mu 2012 chinatsala chimodzi, kugwiriridwa. Lamulo la 2011 linabweretsanso masiku odikira mayi asanachotse mimba.

Tsopano za manambala, pomwe pamapunthwa ngakhale akatswiri. Choyamba, masabata sawerengedwa mofanana. South Africa imawerengera kuyambira tsiku loyamba la msambo womaliza, pamene masabata 12 a m'lamulo la Germany amayambira pa kutenga pathupi, kutanthauza pafupifupi 14 pa kawerengedwe ka kuno. Chachiwiri, Soviet Union inabisa ziwerengero zake kwa zaka zambiri mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kuchotsa mimba yongoyamba kumene ndi makina opopa sikunkalowa nthawi zonse m'kaundula. Chachitatu, nambala ya boma m'dziko loletsa imangowerenga za m'zipatala. Poland inalemba mimba zochotsedwa 107 mu 2021, kutsika kuchoka pa zoposa 1,000 chaka chapitacho, koma omwe anawoloka malire kupita ku Germany kapena kuitanitsa mapiritsi mulibemo. Ndipo mukaona kuchuluka kwa ochotsa mimba m'nthawi ya Soviet Union, funsani kaye ngati njira zolerera zinkapezeka. Zinali zosowa, zopezekazo zosadalirika.

Maina a maiko nawo amasocheretsa. Czechoslovakia inagawikana mu 1993, ndipo mbali zonse ziwiri zinapitiriza ndi malamulo a 1986. Yugoslavia inalemba m'malamulo oyendetsera dziko a 1974 kuti munthu ali ndi ufulu wosankha za kubereka, ndipo Croatia ikugwiritsabe ntchito lamulo la 1978 lolola mpaka masabata 10. Choncho mukamafufuza lamulo la lero, lisakeni pansi pa dzina la dziko lakale. Wofuna chitsanzo chapafupi ndi kwathu atenge Mozambique, komwe Frelimo inadzitcha chipani cha Marx ndi Lenin mu 1977, koma lamulo lolola mpaka masabata 12 linabwera mu 2014, chikomyunizimu chitasiyidwa kalekale.

Malamulo omwe akugwira ntchito panopa muwapeza pa Global Abortion Policies Database ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, yomwe ndi yaulere. Akalewo afunika magazini a akatswiri, monga a pa JSTOR, omwe mumatsegula ndi nambala yanu ya pasukulu. Koperani zonse muli pa Wi-Fi ya kulaibulale, chifukwa mapepala akale ojambulidwa amadya data, ndipo magetsi akathima kunyumba mudzafuna zili kale m'laputopu. Lamulo lolembedwa m'Chipolishi kapena m'Chiromaniya mukhoza kulimasulira ndi makina kuti mumve mutu wake, koma nambala ya ndime ndi ya masabata muitsimikize m'chinenero choyambacho. Manambala amawerengeka ngakhale chinenerocho simuchidziwa.