Mukabwerako kowotcha khansa ya prostate: kusamala thupi miyezi yotsatira

Abambo anzanga amene mwamaliza radiotherapy, kutanthauza kuwotcha khansa ya prostate ndi cheza cha makina, dziwiranitu kuti tsiku lomaliza kugona pa makina aja si tsiku limene thupi limayamba kupeza bwino. Cheza chija chimapitiriza ntchito yake mkati, moti mavuto ambiri amakula pakatha sabata imodzi kapena ziwiri muli kale kunyumba, kenako n'kumachepa pang'onopang'ono. Ine ndimakhala ku Matawale kuno ku Zomba, ndinapuma pa ntchito yauphunzitsi, ndipo ndinakawotchedwa kunja makinawa asanafike m'dziko muno. Kwa zaka zambiri odwala ankatumizidwa ku India, Zambia kapena Tanzania. Mu 2024 chipatala china chosakhala chaboma ku Blantyre chinayamba kuwotcha, ndipo mu 2025 National Cancer Centre ya ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe inatsegulidwa. Ndiye kuti amuna obwerako kowotchedwa tizichulukirachulukira.

Prostate ili mmunsi mwa chikhodzodzo, inazungulira njira ya mkodzo, ndipo kumbuyo kwake kuli thumbo lotulukira chimbudzi. Mitsempha yodzutsa chida cha abambo imadutsa m'mbali mwake momwemo. N'chifukwa chake mavuto athu amagwera malo atatu amene mwamuna wamkulu sakonda kuwatchula: pokodza, kuchimbudzi ndi kuchipinda. Onsewa ali ndi thandizo, koma adokotala sangalote. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tiyambe ndi mkodzo. Mudzakodza pafupipafupi, usiku mudzadzuka kangapo, nthawi zina mkodzo udzawotcha kapena kutuluka mofooka. Ambiri amaganiza kuti akasiya kumwa madzi zichepa. Ayi ndithu, mkodzo wokhuthala ndiye umapweteka chikhodzodzo kwambiri. Imwani makapu 6 mpaka 8 patsiku, ambiri mwa iwo mmawa ndi masana, ndipo muchepetse kukatsala maola awiri kuti mugone. Tiyi wakuda bii, khofi, zakumwa za kola ndi mowa zimatokosa chikhodzodzo. Ine tiyi ndinamusiyira mmawa wokha, wopepuka. Ngati chimbudzi chili panja, ikani kachidebe kachivindikiro pafupi ndi bedi, kusiyana n'kupunthwa mumdima nyengo ya mvula. Mkodzo ukamatuluka movutikira, alipo mankhwala otchedwa tamsulosin amene amamasula njira. Amatha kuchititsa chizungulire, ndiye podzuka muziyamba mwakhala kaye pansi. Koma mkodzo ukatsekeratu, mimba n'kumatupa, musadikire kuche. Pezani galimoto mupite ku Zomba Central Hospital usiku womwewo akakuikeni kapaipi.

Za magazi mumkodzo, ife a kuno tili ndi msampha wathu. Amene anakulira cha ku Kachulu kapena kwina kulikonse m'mbali mwa nyanja ya Chilwa akaona magazi amangoti ndi likodzo, n'kukagula mapiritsi. Likhoza kukhaladi likodzo, akhoza kukhala mabala a cheza, akhozanso kukhala matenda ena a m'chikhodzodzo. Kapimitseni mkodzo, ndipo muwauze kuti munawotchedwapo.

Mkodzo ukamadontha musanafike kuchimbudzi, limbitsani minofu ya pansi. Finyani ngati mukuletsa mpweya woipa kuti usatuluke, werengani mpaka 5, masulani, muchite maulendo 10, katatu patsiku. Phindu lake limaoneka pakapita milungu ingapo.

Kuchimbudzi nkhani yake ndi kutsekula m'mimba, kumva ngati chimbudzi sichinathe, ndi zonanda ngati mamina. Masabata amenewo thumbo limafuna zakudya zofewa: nsima ya ufa woyera m'malo mwa mgaiwa, phala, mpunga, nthochi zakupsa, mbatata yophika, nsomba yowiritsa. Nyemba, kabichi, zokazinga ndi tsabola wa kambuzi ziyambe zadikira. Mukatsekula kwambiri sungunulani Thanzi ORS. M'mimba mukakhazikika bwezerani zakudya zija chimodzichimodzi, kuti mudziwe chimene chikukuvutani. Musakhalire ufa woyera mpaka kale, chifukwa kudzimbidwa nako kumang'amba thumbo lomwe lili kale lanthete. Magazi m'chimbudzi amatha kuyamba patapita miyezi, ngakhale zaka, chifukwa timitsempha ta m'thumbo lowotchedwa timakhala tosachedwa kuphulika. Musangoti ndi matenda a mudzi. Ndipo aliyense wofuna kukupimani kapena kukupangani opaleshoni kumeneko adziwe kaye mbiri yanu.

Kutopa kumene kumabwera si kwa munthu wolima tsiku lonse. Mumadzuka mutagona bwino koma miyendo ikukana. Chodabwitsa n'chakuti mankhwala ake ndi kuyenda. Yambani ndi mphindi 10 mmawa dzuwa lisanakwere, muziwonjezera mpaka theka la ola. Ine ndinayambira kuzungulira m'dera lathu, kenako ndinkakayenda ku Botanic m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi komwe kuli mthunzi. Zokwera ku Chawe wapansi zisiyeni kaye. Kumunda gwirani mizere yochepa, yotsalayo agwire ana kapena aganyu.

Ambirife timapatsidwanso jakisoni wotsitsa mahomoni achimuna, monga goserelin, wobaya pamimba mwezi ndi mwezi kapena pa miyezi itatu iliyonse, ena kwa miyezi 6, ena mpaka zaka ziwiri kapena zitatu. Zambiri zimene anthu amanamizira makina zimachokera ku jakisoniyu: kutentha thupi mwadzidzidzi ndi thukuta la usiku, mimba kukula, mabere kutupa, kupsa mtima kapena kungogwetsa misozi popanda chifukwa. Mwezi wa Okutobala thukutali limasautsa zedi, ndiye valani zathonje ndi kusunga madzi ozizira pafupi. Jakisoniyu amafooketsanso mafupa ndi kukweza shuga, choncho pimitsani shuga ndi BP kawirikawiri, ndipo matemba ndi usipa muzidya ndi minga yomwe, pamodzi ndi masamba monga bonongwe ndi chisoso. Musadumphe jakisoni mwa inu nokha ngakhale akutopetseni. Kambani ndi adokotala, ndipo ndalama yoyendera muziyisunga tsiku lisanafike.

Tsopano za kuchipinda, zimene zimapasula mabanja mwakachetechete. Jakisoni amachotsa chilakolako chenichenicho. Cheza nacho chimafooketsa mphamvu, koma mwapang'onopang'ono, moti mwamuna amatha kukhala bwino chaka choyamba, n'kuyamba kuvutika chachiwiri. Umuna umachepa kapena kusowa, ngakhale kukoma kumamvekabe. Mwamuna akakhala chete n'kumagona chotembenukira kukhoma, mayi amaganiza kuti kunja kuli wina, kapena kuti panalowa dzanja la munthu, nkhani mpaka kwa ankhoswe. Ine ndinawatenga mayi akunyumba kukalowa nawo kwa adokotala kuti adzimvere okha, ndipo ndimalangiza aliyense kutero. Inu amayi amene mukuwerenga: khansa iyi sipatsirana pogona, ndipo munthu wowotchedwa ndi makina akunja kwa thupi satulutsa cheza. Gonani naye bedi limodzi, idyani naye mbale imodzi, adzukulu awanyamule. Okhawo amene anaikidwa timbewu ta cheza mkati mwa prostate ndi amene amapatsidwa malamulo apadera kwa kanthawi.

Mapiritsi monga sildenafil amathandiza amuna ambiri owotchedwa, makamaka jakisoni akatha ndipo mahomoni ayamba kubwerera, zomwe zimatenga miyezi yambiri. Koma akulembereni ndi adokotala, chifukwa kwa munthu womwa mankhwala a mtima a mtundu wa nitrate, mapiritsiwa amagwetsa BP mpaka kufika poika moyo pachiswe. Gondolosi ndi mabotolo ogulitsidwa mumsika sakonza mtsempha wowonongeka ndi cheza, ndipo choopsa kwambiri ndi chilichonse cholonjeza kukweza mahomoni achimuna, poti khansa iyi imakula ndi mahomoni omwewo. Ngati mayi akadali pa msinkhu wobereka, funsani za kulera, chifukwa mbewu ya mwamuna wongowotchedwa kumene imakhala yowonongeka.

PSA, nambala yopimidwa m'magazi yothandiza kudziwa ngati khansa ya prostate ikubwerera, mudzapima pa miyezi itatu kapena 6 iliyonse zaka zoyambirira. Musafanizire nambala yanu ndi ya mnzanu amene anachotsedwa prostate ndi opaleshoni: yake imafika pafupi ndi ziro m'milungu yochepa, pamene yathu, poti prostate ikadalipo, imatha kutenga chaka ndi theka kapena kuposa kuti ifike pansi pake. Nthawi zina imakwera pang'ono n'kutsikanso yokha. Madokotala amayamba kuganiza kuti khansa yabwerera PSA ikakwera ndi 2 pamwamba pa nambala yotsikitsitsa imene munafikapo. Ndiye nambala yotsikitsitsayo ndi yofunika kuisunga. Ine kuseri kwa buku lakuchipatala ndinajambula mizere: tsiku, PSA, jakisoni, ndi maulendo amene ndimadzuka usiku. Mapepala a kumene munawotchedwa, osonyeza mlingo wa cheza ndi malo ake, jambulani ndi foni ndipo muwasunge m'jumbo yaplasitiki, chifukwa kuno adzakufunsani.

Achimwene anu ndi ana anu aamuna auzeni dzina la matendawa mosabisa. Mwamuna amene bambo ake kapena mbale wake wa bere limodzi anadwala khansa ya prostate ali pa chiopsezo choposa kawiri cha anzake, ndipo ife anthu akuda imatigwira msanga. Akafika zaka 45 akakambe ndi adokotala za kupima PSA.

Pali chizindikiro chimodzi chimene sichidikira tsiku lanu la kuchipatala. Msana ukayamba kupweteka mwachilendo, makamaka usiku, miyendo n'kumachita dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi n'kumatuluka osazindikira, ikhoza kukhala khansa imene yafika m'mafupa a msana ndipo ikufinya mtsempha waukulu. Pitani tsiku lomwelo, mapepala anu ali m'manja, ndipo mawu oyamba pakhomo akhale akuti munadwala khansa ya prostate.